Maliro a Thunthu la Nthochi

"Ndati sindidula, alamu. Kapena ndinene m'Chinyungwe kuti mumve?"

Virgínia anayankhula osadzutsa mutu. Anali atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, pomwe panatsala kamthunzi, akusenda nthochi zaziwisi zoti aphike masana. Utomoni unali utadetsa zala zake zonse. Arlindo, mng'ono wa mwamuna wake, anaima potero atagwira m'chiuno, thukuta likuyenderera m'khosi. Dzuwa la ku Tete silisankha wolakwa ndi wolungama, limangowotcha onse, ndipo mkangano umenewu unali utawatopetsa kale onse awiri.

"Thunthu limodzi lokha la nthochi," anatero Arlindo. "Kodi ndapempha ng'ombe? Tilikulunge m'nsalu, tiliike m'manda, tilire, timete, basi. Si ine ndayambitsa zimenezi. Munthu akafera kutali mtembo wake osaoneka, makolo amaika thunthu la nthochi m'malo mwake kuti mzimu wake upeze pogona."

"Mwambowo ndikuudziwa. Chomwe sindikudziwa n'chakuti ndani wakuuzani kuti a Raimundo adafa."

"Alamu, nkhondo idatha. Ife amene tidathawira ku Malawi tabwerako. Asilikali atula mfuti, akubwera. Ngakhale omwe adagwidwa pamsewu ngati achimwene, amene ali moyo afika kale m'makwawo. Mukufuna munthu achite kubwera yekha kudzanena kuti ine ndidafa?"

"Mwezi wathawu ku Chingodzi kwafika munthu yemwe akwawo adamulira kalekale. Wafika ndi mwendo umodzi, koma wafika."

"Ndiye muzingothamangira kumsewu galimoto iliyonse ya kamiyau ikaima? Mpaka liti? Anthu akukusekani."

"Aseke. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Kudekha kwake kwa zaka zonsezi? Zengerezu adalinda kwawukwawu, alamu."

Pakhonde panamveka kutsokomola. Anali mayi Marcelina, make Raimundo ndi Arlindo, nkhalamba yomwe maso ake adachita khungu kukampu ya othawa nkhondo. Chibwerereni ankangokhala pakhonde pomwepo nkhope italoza kumsewu, ngakhale msewuwo sankauona.

"Make Neusa," anaitana mpongozi wawo ndi dzina la mwana wake woyamba. "Ine sindikangana nawe. Iwe udanditsogolera ndi ndodo kuchokera ku Malawi mpaka pano, mwana wobala ndekha sakadaposa pamenepo. Koma taona mmene ndatheramu. Anzanga ana awo adawalira, akudziwa pomwe agona. Wanga ine ali m'malere. Ndikati ndilire, ndikuopa kumuchitira malodza. Ndikati ndileke, pakhosi pano pali chinthu chosamezeka. Kodi ndife ndisanalire mwana wanga?"

Virgínia anaponya nthochi yosenda m'madzi, natenga ina. Mawu a Arlindo ankatha kuwabweza momwe abwerera, koma a nkhalambayi analibe powagwira.

Dimba la nthochilo linali m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe, kumunsi kwa Matundo, mtunda woti munthu n'kufika asanamve ludzu. Raimundo adalipempha kwa eni nthaka atangotsika kuchokera ku Angónia, nabzalamo ana a nthochi omwe adabwera nawo m'thumba lonyowa. Virgínia pobwera ku Malawi adapeza nyumba ilibe denga, khola lilibe mbuzi, ndi mtondo womwe anthu adatenga. Koma atawanda tchire kudimba adapeza nthochi zilipo, zowonda, zothithikana, koma zamoyo. Nthochi si chimanga choti mwini akasowa chaka chimodzi mbewu yatha. Mayi akabala n'kugwa, mwana amakhala ataima kale pambali pake. Virgínia adalimira, adapatulira n'kusiya mayi, mwana ndi mdzukulu paphata lililonse, adaphimbira nthaka ndi masamba ouma, ndipo m'miyezi ija miyala imawotcha mapazi ankatunga madzi ndi ndowa n'kumathirira.

Chimanga cha thandizo chitasiya kubwera, dimba limeneli ndilo linagwira mabanja awiri, lake ndi la Arlindo. Zaziwisi ankaphika ndi nsinjiro. Zakupsa ankapita nazo kumsika, zofewetsa n'kukazinga zitumbuwa. Masamba ankakulungira mkate, makoko ouma a thunthu ankapota zingwe zomangira mpanda ndi nkhata yosenzera madzi. Panalibe chotaya, ngakhale makoko a nthochi zodya ankadikiridwa ndi nkhumba za aneba.

M'mawa wina, patangopita masiku ochepa chichitikireni mkangano uja, Virgínia anapeza munthu atanjuta kumapeto kwa dimba akukanya dothi m'manja. Anali Horácio, Mnyungwe woumba njerwa, yemwe mauvuni ake ankafuka utsi m'mbali monse mwa mtsinjewo. Tauni yonse inali kalikiliki kumanganso, ndipo munthu wa njerwa ankapatsidwa moni ngati dokotala.

"Muli tani, mai?" anapereka moni Horácio, akupukuta manja pakabudula.

"Tili bwino. Mwataya chiyani m'dimba mwanga, a Horácio?"

"Palibe, mai, ndimangoona dothi. Dothi ili ndi lenileni, lomata bwino. Njerwa zake mukazigogoda zizilira ngati chitsulo."

"Njerwa?"

Horácio anamuyang'ana modabwa. Sanali munthu woipa, anali munthu wa dothi basi.

"Kodi a Arlindo sadakuuzeni? Ati maliro a achimwene awo akangotha, malo ano akhala m'manja mwawo. Ine ndibwere ndi anthu anga, tizule nthochizi, tikumbe. Pa uvuni uliwonse iwo azitapako zawo zomangira nyumba. Ine ndimayesa mudamvana kale pabanja."

Virgínia anaponya maso kumtunda kwa mtsinje, komwe chaka chathachi kunali madimba a anzake. Tsopano kunali maenje okhaokha, m'munsi muli madzi obiriwira, pamwamba udzudzu. Anatula khasu pansi n'kubwerera osalima ngakhale phata limodzi.

Virgínia anam'peza Arlindo akusoka denga la nyumba yake ndi waya. Inali nyumba ya bango, pamwamba atayala pulasitiki yomwe adabwera nayo kukampu, ndipo pulasitikiyo dzuwa linali litaidya mpaka kumayoyoka.

"Tsikani, alamu. Kani maliro aja ndi a njerwa?"

Arlindo anatsika pang'onopang'ono. Sanakane, ndipo sanachite ngakhale manyazi omwe Virgínia ankayembekezera.

"Purontu, basi, mwamva, zandipepukira. Taonani nyumba iyi, alamu. Mvula ikabwera ana anga amagona chiimire. Anzathu omwe tidakwera nawo kamiyau imodzi pobwera amanga kale, ena akhoma ndi malata omwe. Ine ndizikhala ngati ndikadali wothawa nkhondo m'dziko langa lomwe? Nthochi sizimanga nyumba."

"Nanga njerwa zimaphikidwa? M'miyezi ya njala ija, akazi anu akubwera ndi mbale mobisa m'chitenje, ana anu ankadya chiyani? Njerwa?"

"Musandiwerengere zomwe ana anga adadya."

"Sindikuwerenga, ndikukukumbutsani. Dothi mukakumba kamodzi latha, patsala dzenje. Nthochi mudya chaka chino, mudya chaka chamawa, adzukulu anu adzadya."

"Zamawa zimenezo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndipo tinene zoona: achimwene adakulowolani, malo aja ndi a kwathu. Pomwe sitinawaike ndi awo, sindingawakhudze. Tikawaika, mutu wa banja ndine. Inu simuthamangitsidwa, njerwazo mupatsidwako mukonzere khoma lanu lija."

"Ndiye mukufuna mkulu wanu afe kuti mupeze khoma."

"Adafa kale!" anakuwa Arlindo, nkhuku zomwe zinali pamthunzi n'kubalalika. "Adafa kale, alamu. Ine ndikungonena chomwe aliyense akuopa kunena. Mukuganiza kuti ine sindimukumbuka? Adandilera ndi iye uja. Koma wakufa safuna dimba."

"Amati chibale ndi fupa, sichiola. Chanu chaola munthu asanaikidwe n'komwe."

Virgínia anachoka. Anapita kwa mkulu woyang'anira dera lawo, yemwe anamvetsera akudzikupiza ndi chipewa n'kunena kuti za pabanja akakambirane pabanja. Anapita kwa amayi anzake akutchalitchi, ndipo iwo anati mwambo ndi mwambo, mkazi sakaniza maliro a mwamuna wake. Akwawo anali kutali ku Tsangano, amene adatsala moyo, ndipo njira za kumeneko anthu ankayendabe moponda pomwe waponda mnzawo. Anaganizapo zowauza apongozi ake zonse, koma kuuza nkhalamba yakhungu kuti mwana wake wotsala akugulitsa maliro a mnzake kunali kuikankhira kumanda ndi manja.

Arlindo naye sanagone. Anayamba kuyenda m'makomo mwa anthu a ku Angónia okhala ku Matundo, akudandaula mwaulemu ngati munthu wachisoni. Posakhalitsa kuchitsime kunamveka zoti make Neusa akukana kumeta chifukwa pali wina amene amamuyamikira tsitsi. Ena ankati akudikira nkhalamba ife kuti adye dimba yekha. Virgínia akafika ndi ndowa, nkhani zinkaduka, aliyense n'kumayang'ana chingwe.

Kenako mayi Marcelina anasiya kudya. Sanachite mwamwano, ankangolawa kamodzi n'kukankha mbale. Sabata yachiwiri ankalephera kudzuka okha kupita pakhonde. Apa Virgínia anaona poyera pomwe zinthu zinkalowera. Akapitiriza kukana, nkhalamba ifa ndi chinthu chake chapakhosi chija, mlandu ukhala wake, ndipo Arlindo aika maliro awiri tsiku limodzi popanda womufunsa. Akavomera, dimba lapita. Uku kunali moto, ukunso kunali moto, ndipo iye anali atatopa kwambiri moti nthawi zina ankalakalaka atangolola zonse n'kugona.

Tsiku lina masana anakanya nthochi yakupsa m'kambale, nakhala pamphasa pafupi ndi apongozi ake.

"Amayi, yasamani pang'ono."

"Sizikulowa, mwana wanga."

"Ndikufunseni kanthu. Kumanda kuja n'kutali, kuseri kwa msewu waukulu. Inu mungakafike?"

"Andinyamula tsiku la maliro."

"Nanga masiku enawo? Mukafuna kukakhala naye, kukamuuza zakukhosi, adzakunyamulani ndani?"



"M'dimba mwake muja," anapitiriza Virgínia, "pachulu paja adabzala phata loyamba, madzi safikapo ngakhale mtsinje utakwiya bwanji. Nthawi ya nkhondo anthu ambiri adagona m'minda mwawo, palibe adadabwa. Ndi pafupi, ine ndizikutsogolerani popita kukathirira. Inu ndinu make. Mukaloza inu, adzukulu akumba pomwe mwalozapo."

"Ukudziwa chomwe ukunena? Pomwe pagona munthu anthu amapaopa."

"Ndikudziwa, amayi."

"Ndiye wavomera kuti adafa?"

"Ndavomera kudula thunthu."

"Sindinafunse za thunthu, make Neusa."

Virgínia anayang'ana kambale kaja. Zaka zonsezi mawu amenewa anali asanatulukepo pakamwa pake. Kukampu adawakana, pobwera adawakana, pamaso pa Arlindo adawakana. Ankakhulupirira kuti bola iye asanene, Raimundo ali penapake akuyenda, akubwera.

"Adafa, amayi," anatero.

Mayi Marcelina anapapasa mpaka kupeza dzanja lake n'kuligwira zolimba. Kenako anayasama, ndipo anadya nthochi yonse ya m'kambalemo. Virgínia ankawadyetsa mtima ukumutsutsa, poti ankadziwa kuti naye wachita zomwe Arlindo ankachita, kukokera chisoni cha nkhalamba kumbali yake. Anawapempha kuti za malowo asanene mpaka tsiku lake, ndipo iwo sanafunse chifukwa.

Arlindo atamva kuti alamu ake afewa, anasanduka munthu wina. Anabwereka mabenchi, anauza anthu kuti mwambo uchitika Sabadu, tsiku Loweruka, anabwera ndi nsalu yoyera. Ankayenda uku ndi uku nkhope ataikwinya monga mwa maliro, koma mapazi ake ankapepuka. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sabadu m'mawa anthu anasonkhana pabwalo, a ku Angónia, a ku Tsangano, ndi aneba Achinyungwe, Horácio ali pomwepo, pakuti maliro sasankha mtundu. Adzukulu anafika ndi makasu awo. Mkulu wawo, bambo wa imvi wochokera ku Domwe, anagwada pafupi ndi khonde monga mwa mwambo.

"Eni maliro, tilozereni pogona pa mnzathuyu."

"Kumanda ndakonza kale, tiyeni ndikakuonetseni," anatero Arlindo akudzuka.

"Khala pansi, Arlindo," anatero mayi Marcelina. Mawu awo anali ochepa mphamvu koma anamveka bwalo lonse. "Mwana wanga agona m'dimba mwake, pachulu pomwe adabzala nthochi yoyamba. Miyendo yanga singafike kumanda. Ndikufuna ndizikakhala naye."

Anthu anang'ung'udza pang'ono, ena akugwedeza mitu movomereza. Arlindo anaseka kuseka kopanda mano.

"Amayi, mwatopa, simukudziwa chomwe mukunena. Munthu saikidwa m'dimba. Ino ndi tauni."

"Mtembo ukadakhalapo ndikadamva zimenezo," anatero mkulu wa adzukulu uja. "Koma tikuika thunthu, ndipo wanena ndi make. Ife tilibe mawu."

"Madzi adzakokolola."

"Pachulu paja safika," anatero Virgínia. Aka kanali koyamba kuyankhula tsikulo.

Arlindo anatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo pomwepo anazindikira mwini nzeruyo. Nkhope yake inada.

"Ndi inu! Mwawanyenga amayi! Anthuni, mkazi uyu wawanyenga amayi!"

"Ndawanyenga chiyani, alamu? Kuti mwana wawo agone pomwe adakhetsa thukuta? Vuto lili pati? Nenani anthu amve."

"Sizingatheke!"

"Chifukwa?"

"Chifukwa malo aja ndapereka kale!"

Mayi Marcelina anatembenuzira nkhope komwe kunachokera mawuwo.

"Wapereka chiyani, Arlindo?"

Arlindo anaponya maso pabenchi pomwe panali Horácio.

"Ndikufunsa iwe. Wapereka chiyani, kwa yani?"

Horácio anadzuka pabenchi, chipewa chili m'manja. Munthu wa malonda sakonda dzina lake litchulidwe pamaliro, choncho anaona kuti bola adzitchule yekha.

"Pepani, mai. Adandiuza kuti maliro akatha ndikakumbe njerwa m'dimbamo. Ine ndimayesa banja lonse lidamvana. Koma ngati pagona munthu, ndin'funa lini, sindikufuna. Njerwa za pamanda ndani angagonemo? Ngakhale zaulere palibe angatenge."

Anavala chipewa, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro, nachivulanso n'kukhala pansi.

Mayi Marcelina sanakalipe. Zikadakhala bwino akadakalipa. Anangoti, "Ndimayesa umandimvera chisoni, mwana wanga," n'kuweramitsa mutu. Arlindo anaima pakati pa bwalo manja ali lende, akuyang'ana anthu mmodzimmodzi, koma aliyense maso anali pansi. Virgínia anaona misozi ikutuluka m'maso akhungu aja ndipo sanamve kukoma kwa kupambana ngakhale pang'ono.

Anthu anatsikira kudimba, nkhalamba itanyamulidwa pampando. Adzukulu anakumba pachulu. Itakwana nthawi yodula thunthu, anapereka chikwanje kwa Virgínia. Amayi ena analoza lalikulu lonenepa, lomwe linali ndi mkoko wa makumbuka wongoyamba kukhwima.

"Dulani ilo, likuyenera bambo wa panyumba."

"Ayi," anatero Virgínia. "Ilo lili ndi chakudya. Bambo a Neusa sakadalola."

Anayenda mpaka paphata lakale lija, nasankha thunthu lomwe mkoko wake adadula kale, loti linkangodikira kugwetsedwa kuti mwana wake akule. Anatema kawiri, katatu, madzi ake akumuthovukira kumaso, ndipo linagwa mwakachetechete. Analidula msinkhu wa mwamuna wake, pakuti msinkhuwo ankaukumbukira bwino: chipumi chake chinkafika paphewa la Raimundo. Kenako anamasula kamtolo komwe anali atamanga m'chiuno. Munali malaya a Raimundo, omwe adapita nawo ku Malawi n'kubwera nawo, akuwachapa chaka ndi chaka kuti mwiniwake akadzafika adzapeze chovala. Anaveka thunthulo malayawo, namanga mabatani onse mpaka lapakhosi, amayi anzake n'kukulunga nsalu yoyera pamwamba.

Mwambo umati woyamba kulira ndi mkazi wa malemu. Virgínia anali atakonzeka kungotulutsa mawu kuti mwambo uthe, poti mumtima ankati ndi thunthu chabe ili, ndachita izi chifukwa cha ana. Koma adzukulu atalinyamula, linalemera ngati munthu, mpaka mmodzi anapempha mnzake kuti agwire bwino kumutu. Mawu amenewo ndiwo anamuthyola. Kulira komwe kunatuluka sikunali kokonzekera, kunali kwa zaka zonse zija, ndipo anagwa pansi pakati pa masamba ouma akuitana dzina lomwe mkazi satchula pagulu. Mayi Marcelina analandira, amayi onse analandira. Arlindo analira ali yekha kuseri kwa phata lina, ndipo palibe anadziwa ngati ankalira mkulu wake kapena nyumba yake.

M'mawa mwake anamfedwa anameta. Dimba linatsala, koma nkhani imayenda kuposa minibasi ya shapa. Virgínia atapita kumsika ndi dengu lake, amayi omwe ankamugula masiku onse ankangoima patali.

"Si za pamanda zimenezo, make Neusa?"

"Manda ali pachulu, izi zachokera kumunsi."

"Mizu imayenda, mayi."

Zitumbuwa zinagulidwa ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu okha, omwe sankadziwa kanthu. Dengu linabwerera litatsala pang'ono kudzaza, ndipo linateronso ulendo wotsatira. Arlindo anasiya kupereka moni, naletsa ana ake kuponda pakhomopo, ngakhale mkazi wake ankabwerabe ndi mbale m'chitenje mwamuna akachoka. Mayi Marcelina ankadya tsopano, ndipo m'mawa uliwonse ankatsogozedwa kudimba n'kukhala pachulu akuyankhula motsitsa ndi mwana wawo. Dzina la Arlindo sankalitchula.

Tsiku lina masana Virgínia anali kuseri kwa nyumba pamphasa pake paja, mpango uli kumutu kometedwa, akusenda nthochi zaziwisi. Neusa anabwera akuthamanga kuchokera kumsewu, mng'ono wake ali kumbuyo.

"Amayi, kwafika kamiyau ina! Yadzaza amuna okhaokha, ati achokera kutali kutchire. Anthu onse akupita. Simupita?"

Mpeni unaima m'manja mwake. Kale akangomva zotere ankasiya mphika pamoto n'kuthamanga opanda nsapato, akupemphera kuti Raimundo akhale m'menemo. Lero mtima unagunda momwemo, koma pamodzi ndi chiyembekezo panabwera mantha, ndipo anachita manyazi ndi mantha akewo. Atakhalamo, akamuuza chiyani munthu yemwe adamuveka malaya n'kumukwirira yekha?

"Amayi, nanga ababa akakhala momwemo?"

Virgínia anayang'ana mwanayo, nayang'ana mng'ono wake yemwe ankatafuna nthochi yakupsa masaya ali tututu.

"Akakhalamo, njira ya kudimba akuidziwa," anatero. "Akapeza manda ake. Koma akabwera kuno apeza ana ake ali moyo. Tenga mpeni winawo undithandize, agogo ako amva njala."

Neusa anakhala pansi monyinyirika. Kumsewu kunkamveka nthungululu za wina amene wapeza wake. Virgínia anamvetsera mpaka zinatha, kenako anatenga nthochi ina m'dengu n'kuyamba kusenda.